Tsiku Limene Kapu ya Tiyi Inasowa pa Kompyuta

Ofesi yathu inali kachipinda kamodzi ka malata kutsinde kwa phiri, cha ku Likhubula. Katundu wake yense anali tebulo, benchi, batire la sola ndi kompyuta imodzi yokalamba. Kompyutayo anatisiyira anthu a pulojekiti ina amene anakhala nafe nyengo zingapo za mvula, kenako n'kupakira zawo n'kumapita. Inali ya Windows XP, pa nthawi imene ngakhale ana a ku sekondale anali atayamba kale kuiseka. Ukaiyatsa inkayamba yalira kaye ngati chigayo chopanda chimanga, moti ndinkatha kusesa chipinda chonse isanatsegule maso.

Ntchito yake inali imodzi. Pamwamba pa phiri, kumene mtsinje wa kwathu umayambira, a pulojekiti aja anaimikapo chida choyezera mvula. Chidacho chinkatumiza manambala kudzera pa netiweki ya foni, n'kumafikira pa kabokosi kotchedwa modemu kamene kanali kolumikizidwa ku kompyuta. Pulogalamu ya mu kompyutamo inkawerenga manambalawo, ndipo mvula ikapyola muyezo, mzere wa pa sikirini unkasanduka wofiira, uthenga n'kupita wokha ku mafoni a anthu a m'midzi ya m'mbali mwa mtsinje kuti athawire kumtunda. Kwathu kuno madzi sachita odi. Kumusi kumatha kumangowaza pamene kuphiri ikukhuthuka, ndipo ukamva mkokomo wa miyala ndiye kuti napolo ali kale kuseri kwa nyumba. Ine ndinali kalaliki wa komiti imene inatsala ndi makinawo. Za makompyuta sindinapitire kusukulu, ndinkangotayipa mofulumira kuposa anzanga basi.

Umodzi mwa midzi imeneyo, wakumusi kwenikweni, unali wa kwathu. Kumeneko kunkakhala mayi anga ndi mwana wanga wamkazi, amene anali asanayambe sukulu. Mayi anga anabwera kuchokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo, ine ndili kumbuyo. Anali munthu wodziwa kuthawa. Ndili wamng'ono ankandidzutsa kuti ndimvetsere kulira kwa mtsinje, ankayang'ana mtundu wa madzi, ankanunkhiza mphepo ngati ikununkha dothi lokumbidwa kumene. Koma makina atabwera, n'kutichenjeza molondola kangapo, anasiya zonsezo. Foni yawo ya mabatani ankaimanga pakona ya chitenje, ndipo ikakhala chete iwo ankati kuphiri kuli bwino.

Ndipo sikuti anachita kudziphunzitsa okha. Chaka china munthu anakuwa kuti madzi akubwera, anthu n'kuthawa, pobwerera n'kupeza mbuzi zawo zitapita ndi akuba. Kuyambira pamenepo komiti yathu inayenda m'matchalitchi ndi m'maliro momwe, kuuza anthu kuti asamasamuke chifukwa cha mphekesera, koma adikire uthenga wochokera pa nambala ya makina. Amene ankalalikira zimenezi kwambiri anali atcheya athu, bambo wachikulire amene anakalambira ku esiteti ya tiyi ali kapitawo. Anthu anamva, ndipo anamvetsadi.

Lolemba limenelo ndinafika ku ofesi m'mawa, mvumbi utagwira kuyambira Loweruka. Phiri silinkaoneka, panali mtambo wakuda bii kuchokera pansi mpaka kumwamba. Nthawi ya dzinja kompyuta tinkaisiya yoyaka usana ndi usiku, koma ndinapeza pulogalamu ija yotseka. Nditaidina kuti itseguke, panangotuluka kabokosi kolankhula Chingerezi kuti sikakupeza Java. Ndinadinanso, kabokosi komweko.

Java ndinkaidziwa pang'ono. A pulojekiti anandiuzapo kuti pulogalamu yathu siitha kuyenda yokha, imayenda itakwera pamsana pa chinthu chimenechi, monga katundu wa alendo amakwerera phiri pamsana pa onyamula. Chizindikiro chake ndi kakapu kofuka nthunzi, kamene kankakhala kukona ya sikirini. Tsiku limenelo kakapuko kanalibepo.

Atcheya analowa akukunkhumula ambulera, nkhope ili ngwee. Ndisanawafunse n'komwe anayamba kudzitama kuti Loweruka anabwera kudzatayipa kalata ya kumpingo, ndipo anandiyeretsera kompyuta. Anali ataphunzira kuchotsa mapulogalamu pa maphunziro ena a sabata imodzi, ndipo chidziwitsocho chinkawayabwa m'manja. Anati kakapu ka tiyi kaja kankangotulukira akamatayipa, kuwafunsa zinthu, ndiye anazindikira kuti ndi otsatsa malonda a makampani a tiyi.

"Ine tiyi ndamugwirira ntchito mpaka msana kupindika," anatero. "Anditsatirenso mu ofesi muno? Ndachotsa, mwana wanga. Tsopano iziyenda mopepuka."

Ndinafuna kuwalalatira. Mawu anafika pakamwa, akuti safunsa anadya phula, koma munthuyo anali msinkhu wa bambo anga. Ndinangowauza kuti kuyambira Loweruka makina sakumva chilichonse chochokera kuphiri, ndipo sangatumize uthenga kwa aliyense. Anakhala pa benchi pang'onopang'ono, ambulera ili m'manja, madzi akudonthera pa nsapato zawo. Anayang'ana pakhomo, kumene kukanaoneka phiri.

Ndinaimbira mayi anga nthawi yomweyo. Ndinawauza kuti makina afa, atenge mwana apite kusukulu ya pachitunda kufikira nditawauza kuti abwerere. Anaseka. Anati ine ndinabadwa wamantha, ndinkalira ngakhale tambala akalira, ndipo kumudzi kukungowaza. Anati chimanga chili m'nkhokwe, mbuzi zili m'khola, asiyire ndani. Ndinawachonderera mobwerezabwereza.

"Mwanaka, makina akalankhula tichoka," anatero. "Inu nomwe munatiphunzitsa. Foni ili pano pachitenje."

Ndinaganiza zotsegula modemu, kuchotsa khadi lake n'kuika mu foni yanga kuti ndiwatumizire uthenga kuchokera pa nambala imene ankaikhulupirira. Koma a pulojekiti, poopa kuti wina aziimbira zibwenzi ndi mayunitsi aulere, anamanga kabokosiko ndi timasikuluwu ta mutu wachilendo timene palibe sikuludiraiva ya kuno ikanatimasula. Kukaswa kunali kupha makina onse. Komanso manambala a anthu a midzi yonse anali m'kati mwa pulogalamu yomwe inkakana kutsegukayo.

Ndinayesa kukoka Java ina pa intaneti ya pa foni yanga. Netiweki ya tsiku la mvula inkakoka ngati ng'ombe yodwala. Itamaliza, ndinaisamutsira mu kompyuta ndi chingwe, koma kompyuta inaikana. Inali Java yatsopano, yopangira makompyuta atsopano, ndipo XP wathu sankaidziwa. Yakale ndinaifufuza, koma tsamba lake linkafuna kuti ndilembetse kaye, ndipo lisanatseguke mayunitsi anatha. Ndinatsala ndikuyang'ana foni ngati ingandimvere chisoni.

Mnzanga wina wa ku Chitakale, nditamuimbira ndi timayunitsi tobwereka, anati kumeneko onse anasiya XP, koma ku Nkando kuli bambo wina wobena nyimbo, wokopera anthu nyimbo pa zimbale ndi m'mafoni, amene amakonzabe makompyuta akale a m'mavidiyo sho, ndipo sataya chimbale. Tinagwirizana kuti atcheya apalase njinga kupita m'midzi kukachenjeza ndi pakamwa, ine ndipite ku Nkando.

Ndinakwera kabaza, koma pamphambano ndinauza wa kabazayo kuti aime. Msewu wina unkatsikira kwathu, wina unkapita ku Chitakale kokwerera minibasi. Ndikanatha kutsika, kukanyamula mwana wanga ngakhale mayi akane, n'kuthawa naye. Mtima wonse unkandikokera kumeneko. Koma ndinkadziwa kuti mayi anga sangasunthe, ndipo m'midzi ina ija munalinso ana a anthu amene makolo awo anamanga mafoni pazitenje chimodzimodzi. Wa kabaza anatembenuka kundifunsa ngati ndaiwala kanthu. Ndinamuuza kuti tiyeni ku Chitakale, koma ndinanena ndikulira.

Sindinadanepo ndi minibasi ngati tsiku limenelo. Inaima pasiteji kudikira kuti idzaze, kondakitala akuitanira anthu mwaulesi, dalaivala akudya chimanga chootcha. Itanyamuka inkaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja, ngakhale wongokanda kumutu. Mayi wina pambali panga anayamba kundifotokozera za mtengo wa feteleza, ine ndikungovomera, maso ali pa windo lakumbuyo. Mtambo uja unali pomwepo, sunkasuntha.

Ku Nkando kunali ngati dziko lina. Kunkangowaza, anthu akugulitsa tomato ndi zinanazi, wailesi zikulira. Bambo wobena nyimbo uja ndinamupeza akudzaza nyimbo za kwaya mu foni ya munthu, ndipo anandiuza kuti ndidikire. Ndinamuuza zimene zachitika, ndi mawu okweza kuposa mmene ndinkafunira, mpaka mwini foniyo anati athandizidwe kaye mayiwa. Anatulutsa thumba la zimbale zokandikakandika pansi pa tebulo n'kuyamba kuziyesa chimodzichimodzi mu kompyuta yake. Anandifunsa kuti ndikufuna Java ya nambala chani. Sindinkadziwa. Ndinamuuza kuti andiikire zakale zonse zimene ali nazo. Anafuna kundiikira pa fulashi, koma ndinakana, chifukwa fulashi ya pamsika imabwera ndi mavairasi ngati galu ndi nthata. Anandibenera pa chimbale chatsopano, ine n'kuchikulunga mu jumbo n'kuchiika m'kati mwa bulauzi.

Pobwerera, masana atapendeka, kumusi kunatuluka kadzuwa. Anthu mu minibasi anakondwa, ena mpaka kuvula majuzi. Ine kadzuwako kanandiopsa. Pambuyo pa masiku a mvumbi, nyumba iliyonse imakhala ndi mulu wa zovala zakuda ndi zonunkha chinyezi, ndipo dzuwa likangosuzumira amayi onse amathamangira kumtsinje. Mayi anga ndinkawadziwa. Ndinawaimbira, foni inaitana mpaka kuduka.

Pamlatho wa kufupi ndi ofesi ndinauza wa kabaza kuti achepetse liwiro. Ndinkayembekezera kuona madzi odzaza, koma mtsinje unali utaphwera. Miyala imene m'mawa inali yomira inkaoneka, madzi akuyenda pang'ono, ofiirira. Mayi anga omwewo ndi amene anandiphunzitsa ndili mwana kuti mtsinje ukachepa kuphiri kukugwa mvula, ndiye kuti kumtunda dothi ndi mitengo zatseka njira, madzi akuunjikana kuseri kwake. Ankati ukaona zimenezo usatole ngakhale mphika.

Atcheya ndinawapeza atabwerako, matope mpaka m'mawondo. Anati mabanja ochepa okha ndi amene anawamvera. Ena anawaseka, kuwakumbutsa kuti ndi iwo amene ankati mphekesera zisamasamutse munthu. Wina anachita kuwafunsa ngati agwirizana ndi akuba mbuzi. Kwathu sanafikeko, njinga inaphulika tayala panjira. Ankalankhula atayang'ana pansi, ndipo ukali umene ndinali nawo pa iwo unatha, panatsala mantha okhaokha.

Kachitseko ka chimbale pa kompyuta yathu kanasiya kalekale kutseguka ndi batani. Ndinazula pini kumutu n'kubaya pa kabowo kake, kanatuluka. Pa chimbalepo panali ma Java angapo. Ndinasankha yakale kwambiri, ndikuganiza kuti nkhalamba imamvana ndi nkhalamba inzake. Inalowa bwinobwino, koma pulogalamu inati imeneyo ndi yakale mopyola. Ndinaichotsa, n'kudikira kompyuta iganize, n'kuyesa yotsatira. Kamzere kosonyeza kuti ikulowa kankayenda pang'ono n'kuima, kuyenda pang'ono n'kuima. Kadzuwa kaja kanali katalowanso mumtambo, ndipo inveta, kabokosi kopatsira magetsi a batire ku kompyuta, inayamba kulira titii, titii, kutiuza kuti batire latsala pang'ono. Atcheya anadzuka n'kuzula mafoni a anthu oyandikana nafe amene tinkawatchajira, n'kuthimitsa babu. Tinatsala mu kamdima, nkhope zathu zikuwala ndi sikirini.

Java itamaliza kulowa, inapempha kuti kompyuta izimitsidwe n'kuyatsidwanso. Apa m'pamene ndinkaopa kwambiri, chifukwa kompyuta yathu nthawi zina ikazima inkagona mpaka mawa. Ndinadina. Sikirini inada. Ndinamva mvula ikuyambiranso padenga, ndi kupuma kwa atcheya kumbuyo kwanga. Kenako chigayo chija chinalira, ndipo patapita nthawi imene kwa ine inali ngati chaka, kakapu kofuka nthunzi kanaonekera kukona kwake.

Pulogalamu inatseguka. Atcheya anaomba m'manja, koma ine ndinaona kuti mzere uja uli mbuu, wopanda mtundu uliwonse, ndipo pansi pake palembedwa kuti modemu sikupezeka. Ndinagwedeza chingwe, ndinachizula n'kuchibwezera, osathandiza. Nyali ya pa modemu inkaphethira, kusonyeza kuti uthenga wa kuphiri ukufika, koma pulogalamu sinkaumva.

Ndinakumbukira kuti tsiku lina wa pulojekiti, akukonza zomwezi, anakopera timafayilo tiwiri m'kati mwa foda ya Java, n'kunena kuti timeneti ndi makutu a pulogalamu, popanda ito siingamve modemu. Java yatsopanoyi inabwera yopanda makutu amenewo, ndipo chimbale cha ku Nkando chinalibe. Ndinatsegula malo amene mapulogalamu amakhala, ndikupemphera chamumtima. Pambali pa foda yatsopano panali foda ya Java yakale ija, imene atcheya ankaganiza kuti anaichotsa yonse. Inali pafupifupi yopanda kanthu. Pochotsa, kompyuta inangotenga zimene Java inabwera nazo, n'kusiya zimene munthu anaikamo ndi manja. Timafayilo tija tinali momwemo, kalikonse m'kachipinda kake. Ndinatikopera m'zipinda za mayina omwewo mu foda yatsopano, n'kutseka pulogalamu, n'kuitsegulanso.

Manambala amene anaunjikana kuyambira Loweruka anayamba kukhuthuka pa sikirini. Mzere unakhala wobiriwira, kenako wachikasu, kenako wofiira, n'kupitirirabe kukwera. Nditayang'ana nthawi yake, ndinaona kuti mvula inapyola muyezo m'mawa, ine ndili mu minibasi ija yodikira kudzaza.

Uthenga unayamba kutuluka. Makinawo ankatumiza umodziumodzi, kuyambira midzi ya kumtunda kutsikira kumusi, chifukwa madzi amafika kumtunda poyamba. Mudzi wathu unali womaliza. Ndinaima chilili, ndikuwerenga mayina a midzi akudutsa, inveta ikulira mosalekeza tsopano. Ndikanakonda kukankhira dzina la mayi anga patsogolo, ndipo ndikanadziwa kachitidwe kake ndikanachita, wina andiweruze. Foni ya atcheya inalira m'thumba mwawo, uthenga wafika, iwo n'kudzidzimuka ngati sakuudziwa. Dzina la mudzi wathu linafika, manambala ake anayenda mpaka kutha. Pasanapite nthawi sikirini inathima, batire litatheratu.

Tinatuluka panja. Poyamba ndinkayesa bingu, koma bingu limalira n'kusiya. Uwu unali mkokomo wosatha, wochokera mumtambo muja, ndipo ndinkaumva ndi kumapazi komwe. Mphepo inabwera ndi fungo la dothi lokumbidwa kumene. Ndinaimbira mayi anga, foni osalowa n'komwe.

Ndinayenda wapansi kudzera njira ya kumtunda, m'mphepete mwa minda ya tiyi, ndikugwa ndi kudzuka. Kumanzere kwanga, kumusi, mtsinje unali utasanduka phala la matope, mitengo yathunthu ikugubuduzika m'menemo ngati zinyalala. Sindinkafuna kuyang'anako koma maso ankapita okha. Ndinafika pasukulu ya pachitunda dzuwa litatsala pang'ono kulowa. Pabwalo panali anthu, mbuzi, mitolo ya zovala zonyowa, ana akulira. Ndinayenda pakati pawo ndikuitana mwana wanga.

Ndinawapeza pakhonde la kalasi. Mwana anali kumbuyo kwa agogo ake, atamangidwa ndi chitenje ngati khanda ngakhale anali wamkulu kale, miyendo ikulendewera. Anali ndi kabudula wamkati yekha. Ndinamumasula n'kumukumbatira mpaka anadandaula kuti ndikumupweteka. Thupi lake linali lozizira, likununkha sopo.

Mayi anga anali osangalala, ngati munthu amene wapambana mlandu. Anati dzuwa litatuluka anapita kukachapa pa mwala waukulu uja wa pakati pa mtsinje, umene amayi a m'mudzi mwathu akhala akuchapirapo chibwerere kuno. Madzi anali ataphwera bwino, moti anawoloka mosavuta, mwana n'kumasewera m'mbali mwake. Foni yanga sanaimve chifukwa ankamenya zovala pamwala. Anali atamuvula mwana kuti amusambitse pamene uthenga unalira pachitenje, amayi onse n'kuyang'ana mafoni awo nthawi imodzi. Ndinawafunsa ngati sanaone kuti mtsinje wachepa, iwo amene anandiphunzitsa tanthauzo lake. Anati anaona, koma foni inali chete.

"Waona, mwanaka?" anatero. "Ndinakuuza kuti makina akalankhula tichoka. Alankhula, tachoka. Makina amenewa sanama. Koma kadiresi kake kachikasu katsala pamwala, ndinakayanika. Mawa ukakatenge."

Ndinkaganiza za kachitseko kotsegula ndi pini, za batire, za timafayilo tiwiri timene tinatsala mwangozi, ndi za kompyuta imene ikazima nthawi zina siidzuka. Mantha amene ndinali nawo tsiku lonse sanathe pakhonde paja, anangokhazikika. Kuyambira chaka chimenecho, mvula ikagwa masiku awiri otsatizana, mwana ndinkamutenga kudzagona naye kwanga, mayi anga anene zimene anganene. Atcheya anayendanso m'matchalitchi kukauza anthu kuti aziyang'anabe mtsinje, koma chiphunzitso chachiwiri sichinalowe ngati choyamba chija.

M'mawa wotsatira tsiku la napolo lija, madzi ataphwa, ndinatsikira kumtsinje, mwana ali padzanja, chifukwa ankalirira kadiresi kake. Tinafika pamene panali dooko, tinayang'ana kumtunda ndi kumusi. Mwana anandikoka dzanja n'kundifunsa kuti mwala wa agogo uja wapita kuti.